Kalata yotseguka kwa okonza mapulani a paki ya Nyanja ya Malawi

Olemekezeka mabwana ndi madona amene mumakonza, kusainira ndi kusunga mapulani oyendetsera paki ya Nyanja ya Malawi,

Landirani moni nonse, kuyambira inu a m'maofesi a ku Lilongwe, a ku boma ku Mangochi, kufikira inu amene tili nanu konkuno ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear. Ndaombanso m'manja kwa Gogo Chalo Nankumba, magulupu ndi nyakwawa zonse za m'mbali mwa nyanja, poti zimene ndilembe pano ndi za anthu awo. Ine ndimakhala m'modzi mwa midzi yozunguliridwa ndi paki, ndipo ndimatumikira mu komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi mwathu. Kalatayi ndaiika poyera mwadala, kuti woiwerenga aitumize kwa mnzake mpaka ifike pa desiki yoyenera.

Paki sitikuikana ayi. Inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wa malo amene ndi chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba ta m'miyala timene mitundu yake mazanamazana simungaipeze kwina kulikonse. Achinyamata athu ambiri amadya chifukwa cha tinsomba timeneti: amapalasa alendo kupita nawo ku Thumbi, ku Domwe ndi ku Mumbo, amawaitanira nkhwazi ndi likhweru, amawagulitsa ziboliboli. Komatu paki inatipeza. Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale ndi midzi imene malire a paki anaizungulira ili kale pamalo pake. Ngakhale amishoni a Livingstonia, pofika ku Cape Maclear mu 1875, anapeza utsi ukufuka. Iwo anasamukira ku Bandawe mu 1881 n'kusiya manda awo, eni dera anatsala.

Sindikulembera agemu oyenda m'phiri kapena olondera pamadzi. Iwo ndi atumiki, amachita zimene zalembedwa. Ndikulembera inu a mapulani, chifukwa ntchito yanu, ngakhale sioneka, ndi imene imagamula moyo wathu wa tsiku ndi tsiku. Ndinu amene mumajambula pa mapu kuti apa ndi potola nkhuni, apa ndi posaponda phazi, apa pakhoza kumangidwa loji. Ndinu mumapereka maganizo munthu akapempha chilolezo chomanga pafupi ndi paki, mumalemba malipoti opita ku UNESCO, ndipo ndinu muyenera kukhala pansi ndi a khonsolo, a zausodzi, a zamalo ndi a zaumoyo kuti malamulo awo asamagundane pamutu pathu. Mgemu akalanda nkhwangwa kapena ukonde, dzanja ndi lake koma cholembera chinali chanu. Dandaulo langa lalikulu ndi lakuti cholemberacho chimalemba chili kutali ndi ife, ngati telala wosoka malaya asanamuyeze mwini wake.

Ndiyambe ndi malire, poti apa ndi pamene pamabadwira milandu yambiri. Paki yonse ndi ya masikweya kilomita pafupifupi 94, ndipo mbali ya madzi ndi yochepa chabe: mamita 100 kuchokera pagombe la paki ndi la zilumba zake 13. M'mamita 100 amenewa simuloledwa kusodza. Lamulo ndi lomveka, ndipo chifukwa chake tikuchidziwa, mbuna siziyenda patali ndi miyala yake. Koma tandiuzani, mabwana, mamita 100 amaoneka bwanji usiku pamadzi? Siginala, wotsogolera asodzi a ukonde wa chilimira, amakhala m'bwato mwake ndi nyali, maso ali pa usipa, mwera ukumukankha pang'onopang'ono. Pamene akudzutsa mutu, chilumba chili pamphuno. Iye alumbira kuti anali kunja, olondera alumbira kuti anali mkati, ndipo palibe mwa iwo amene ali ndi chomutsimikizira. Mapeto ake ukonde wogula ndi ngongole uli m'manja mwa boma, anyamata onse a m'botimo ali pa ulova. Alipo asodzi olowa dala, amene amatchera matchera m'miyala momwemo akudziwa, ndipo amenewo sindikuwaikira kumbuyo. Koma malire osaoneka amateteza wakubayo, chifukwa naye amati sindinadziwe.

Kumtunda vuto ndi lomwelo, koma loopsa kwambiri chifukwa midzi ikukula pamene malo sakukula. Kutsogolo nyanja, kumbuyo phiri la paki. Mwana akakwatira amamanga pabwalo la makolo ake, ndipo m'madera ena a Chembe ndi Msaka nyumba zathinana moti kupeza pokumba chimbudzi ndi nkhani ya kwa mfumu. Manda nawo akudzaza. Funso la kumene midzi isanuyi idzaike anthu ake zaka 20 zikubwerazi ndi la mapulani, si la agemu, ndipo sindinamvepo likufunsidwa pamsonkhano uliwonse wofika kwathu kuno. Likapanda kuyankhidwa pa pepala, anthu adzaliyankha ndi khasu, usiku, mzere umodzi pa chaka.

Tsono nkhani ya nkhuni, imene ndikufuna muimve mofatsa chifukwa imagwera amayi.

Dongosolo limene lilipo limalola anthu a m'midzi yathu kulowa m'paki ndi chiphaso kukatola nkhuni zouma zokha, osadula mtengo wamoyo. Pamene linkakonzedwa linali lanzeru, chifukwa anthu anali ochepa ndipo nkhuni zouma zinali kuseri kwa nyumba. Lero mayi amadzuka nkhuku zisanatsike, amanga nkhata, n'kuyamba kukwera. Pafupi ponse panatoledwa kalekale. Amadutsa miyala ikuluikulu ija, yotentha ngakhale m'mawa mwezi wa Okutobala, n'kukafika kumene mudzi ukuoneka ngati timadontho. Akamatsika dzuwa lili paliwombo, mtolo uli pamutu, nthawi zina mwana ali kumbuyo, phazi lililonse ayenera kuliyesa kaye mwala usanagubuduke. Mtolo umenewo sutha sabata. Ndipo akapezeka ndi nthambi imodzi yooneka yaiwisi, kaya inathyoka ndi mphepo kaya ndi anyani, mtolo wonse ukhoza kutsala m'phiri momwemo.

Tsono taonani kumene nkhuni zambiri zimapita. Sizipita pa mafuwa a mayi ameneyu. Zimapita pa mauvuni owambira nsomba, pa mapoto ofutsira usipa, pa mauvuni a njerwa zomangira nyumba ndi maloji omwe. Nsomba zowambidwa kuno zimakadyedwa ku Limbe ndi ku Lilongwe, kutanthauza kuti phiri la Nankumba likuphikira mizinda. Pulani imene imawerengera mitolo ya amayi koma osawerengera mauvuni ikusaka pamene palibe nyama. Njira zina zilipo ndipo tinaziona ndi maso: matenti oumitsira nsomba ndi dzuwa anayesedwapo ku Msaka ndi ku Chembe, mbaula za chitetezo amayi ambiri akuzidziwa, nsungwi zimamera bwino m'makhwawa. Koma zonsezi zimabwera ndi mapulojekiti, pulojekiti ikatha pulasitiki wa tenti n'kung'ambika, basi nkhani yathera pomwepo. Chikusowa ndi munthu wa mapulani woti azilumikize, anene kuti pofika chaka chakuti gombe lakuti lidzakhale ndi zoumitsira zingati, ndalama zokonzera zidzachokera kuti, ndipo nkhalango ya mudzi idzadzalidwa pati. Kuletsa kopanda njira ina kwangophunzitsa anthu kulowa m'phiri nthawi imene agemu akudya nsima.

Chachitatu ndi muyeso. Lamulo la mapaki ndi nyama zakutchire la 1992 litakonzedwanso mu 2017, zilango zinakwera kwambiri, mpaka zaka 30 kundende pa milandu ikuluikulu. Sitikutsutsa. Chimene chimawawa ndi kuona kuti lamulo limathamanga likamatsata wosauka, koma limayenda monyang'wa likamapita kwa mwini ndalama. Gombe limene amayi ankachapirapo ndi kuyanikapo usipa, m'malo ena lero lili kuseri kwa mpanda. Timipata topita kunyanja tikucheperachepera. Madzi oipa a m'mabafa ndi m'zimbudzi za malo ena ogona alendo sitidziwa kumene amathera, ngakhale tonse timatunga pa nyanja yomweyo. Sinditchula loji iliyonse, ndipo ambiri mwa eni maloji ndi anansi abwino amene alemba ntchito ana athu. Koma pamene nyanja inakwera mu 2024 n'kulowa m'nyumba ndi m'maloji m'mbali zambiri za Mangochi, zinaoneka poyera kuti zomanga zambiri zinaima pamalo a madzi. Winawake anasainira mapepala a nyumba zimenezo, kapena winawake anayang'ana kumbali pamene zinkamangidwa popanda mapepala.

Za thanki ya madzi pa phiri la Nkhudzi nonse mukuzikumbuka. Anthu a m'mbali mwa msewu wa Mangochi ndi Monkey Bay ankafuna madzi a m'mipopi, ndipo anali ndi chifukwa, poti kumwa madzi a m'nyanja osathira mankhwala ndi kuitana matenda. Phirilo, pamene ankafuna kumanga thankiyo, lili m'paki. Omenyera zachilengedwe anadandaula, UNESCO inafunsa mafunso, nkhani inafika mpaka kukhoti, ndipo anthu wamba anauzidwa kuti asankhe pakati pa madzi ndi chilengedwe. Ine ndimaona kuti mkangano wonsewo unali chipatso cha mapulani osakumana. Pakanakhala mapu amodzi, odziwika kwa onse, osonyeza kumene mipopi, misewu, mawaya a magetsi ndi matanki zikhoza kudutsa ndi kumene sizingadutse, nkhaniyo ikanathera pa tebulo makina asanafike paphiri. Chimene chinatsala m'mitima ya anthu kuno n'chakuti paki ndi mdani wa chitukuko, ndipo mawu amenewo ife a m'makomiti ndi amene timalimbana nawo mpaka lero.

Pa zaumoyo ndingodutsapo mwachidule, ngakhale ndi nkhani yaikulu. Akatswiri anapeza kale kuti likodzo linachuluka ku Cape Maclear pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha makoka okokera m'mphepete. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapweteka Mangochi koopsa, makamaka m'madooko mothinana anthu. Apa ndi pamene kuteteza nsomba ndi kuteteza mwana kumakhala chinthu chimodzi, ndipo mukanafotokoza choncho kwa makolo, masikito ogawidwa kuchipatala sakanamathera m'madzi ngati ukonde. Koma a zaumoyo amabwera tsiku lawo, a zausodzi tsiku lawo, a paki tsiku lawo, aliyense ndi galimoto yake ndi uthenga wake.

Ndifike pa ndalama. Tinalandira ndi manja awiri dongosolo lakuti 25 pa 100 iliyonse ya ndalama zimene paki imatolera izibwerera kwa anthu ozungulira kudzera ku bungwe la MASALAPA, limene limaimira midzi ya ku Mangochi ndi ku Salima. Ili ndi dongosolo labwino ndipo sindikuloza chala munthu aliyense. Koma 25 pa 100 ya ndalama zingati? Munthu wamba amaona mabasi a alendo akulowa pa Khirisimasi ndi pa Isitala, amaona maboti akupita ku zilumba, ndiye amawerengera yekha m'mutu, ndipo masamu a m'mutu nthawi zonse amatulutsa chiwerengero chachikulu kuposa chenicheni. Pamene palibe chikwangwani chonena zoona, mphekesera ndi imene imalamulira, ndipo anthu osalakwa amatchedwa akuba pa maliro ndi pa mjigo. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Sitikufuna kuchita kulembera kalata yopempha chinthu chimene chingathe kungomatidwa pakhoma.

Chomaliza pa madandaulo ndicho muzu wa onsewa: momwe mumatifunsira maganizo. Timamva kuti paki ili ndi pulani yoyendetsera ntchito, ndipo ina inakonzedwa ya zaka za 2019 mpaka 2024. Funsani amayi khumi otsika m'phiri ndi mitolo ngati alipo anaionapo kapena kuimva ikuwerengedwa. Mapulani amalembedwa m'Chingerezi, amakhala m'makompyuta ndi m'makabati. Msonkhano wofunsa maganizo umachitikira ku holo ya loji, oitanidwa ndi mafumu ndi apampando a makomiti, ife tomwe. Katswiri wolembedwa ganyu amaonetsa zithunzi pakhoma mothamanga, kenaka fanta, kenaka kusaina pepala la alawansi, kenaka chithunzi cha gulu. Lipoti likatuluka limati anthu a m'midzi anafunsidwa ndipo anavomereza. Ife opita ku misonkhano yotere sitiwamba nsomba, sitiponya chilimira, ambiri sitisenza nkhuni. Amene amachita zimenezi nthawi ya msonkhano amakhala ali m'tulo atachezera pamadzi, kapena ali m'phiri. Ku Mvunguti ndi ku Zambo, kumene munthu amafika pa boti kapena wapansi kudzera m'miyala, uthenga wa msonkhano umafika msonkhanowo utatha. Komanso m'madooko mwathu muli abale ochokera ku Nkhata Bay ndi ku Karonga amene anabwera ndi usodzi, ndi Ayao ambiri mbali ya kumwera. Chilankhulo chimodzi sichikwanira.

Ndikudziwa kuti nanunso muli ndi zanu zokupsinjani. Bajeti ndi yochepa, mafuta a boti olondera amatha mwezi usanathe, ndipo ofesala mmodzi amayembekezeka kusangalatsa nduna, alendo, mabungwe akunja ndi ife nthawi imodzi. Ntchito ya mapulani ilibe ulemerero, palibe amene amajambulitsa munthu akuyeza malire. Koma zambiri mwa zimene tikupempha sizifuna ndalama zochuluka kuposa zimene zimathera ku misonkhano ya m'mahotela.

Choncho, mwaulemu, tikupempha izi:

1. Pakhale ofesala wa mapulani wokhala konkuno ku paki, osati wongobwera ndi galimoto n'kubwerera tsiku lomwelo. Dzina la udindo wake ndi masiku amene amapezeka mu ofesi zilengezedwe kwa mafumu, ndipo aziyendera midzi isanu yonse, kuphatikizapo yofika pa boti.

2. Pulani yoyendetsera paki imene ikugwira ntchito pano imasuliridwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, mwachidule ndi momveka. Makope asiyidwe kwa nyakwawa, m'sukulu, ndi kwa makomiti a m'madooko, ndipo iwerengedwe pa wailesi za m'dera lino.

3. Malire aoneke. Pamadzi paikidwe zoyandama zosonyeza mamita 100, kuyambira pa zilumba zimene zili pafupi ndi midzi. Pamtunda malire ayendedwe pamodzi ndi mafumu ndi akuluakulu amene analipo mu 1980 akadali moyo, ndipo miyala ya malire ikhazikidwe onse akuona.

4. Dongosolo la nkhuni liunikidwenso, amayi otola nkhuni ndi owamba nsomba ali pa tebulo kuyambira tsiku loyamba. Pulani yatsopano inene zaka, malo ndi gwero la ndalama za zoumitsira nsomba, mbaula ndi nkhalango za midzi. Katundu aliyense wolandidwa azilembedwa pa risiti, ndipo mwini wake aziuzidwa kokadandaula.

5. Paki, khonsolo, a zamalo, a zausodzi ndi a zaumoyo atulutse mapu amodzi a chigawo chonse cha Nankumba, osonyeza posamangidwa chifukwa cha kukwera kwa nyanja, timipata ta anthu topita kugombe, malo a manda, zimbudzi ndi kotaya zinyalala, komanso njira za mipopi ndi magetsi. Pempho lililonse lomanga loji kapena ntchito yaikulu lizimatidwa poyera mwezi wathunthu lisanavomerezedwe, ndipo lipoti la momwe ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe liziwerengedwa m'mudzi wokhudzidwawo.

6. Miyezi itatu iliyonse, pa geti ya paki ndi pa bwalo la mfumu pamatidwe chiwerengero cha alendo olowa, ndalama zotoleredwa, gawo lopita kwa anthu, ndi ntchito imene lagwira.

7. Misonkhano yofunsa maganizo izichitikira pa dooko ndi pansi pa mtengo, nthawi imene asodzi ndi amayi angapezeke, popanda alawansi. Zimene anthu anena zilembedwe, ndipo mubwerenso kudzatiuza zimene mwatenga, zimene mwasiya, ndi chifukwa chake. Tikakanidwa ndi chifukwa chomveka, tidzamva.

Kumbali yathu, makomiti a m'midzi ndi okonzeka kuyenda nanu m'malire, kusunga zoyandamazo kuti zisabedwe, ndi kutchula poyera anzathu otentha makala ndi otchera m'miyala ya mbuna. Izi tinganene pamaso pa mafumu athu n'kusainira.

Nyengo yotseka usodzi wa makoka imayamba pa 1 Novembala, ndipo m'miyezi iwiri ya nyengoyo amuna ambiri amakhala kumtunda akusoka maukonde ndi kumata maboti. Imeneyo ndi nthawi yabwino yoti msonkhano woyamba uchitike. Tikupempha kuti uyambire ku Mvunguti kapena ku Zambo, ndipo tsiku lake mutidziwitse kudzera kwa Gogo Chalo pasadakhale, kuti tikonze boti lokunyamulani ku Monkey Bay.

Ine wanu mwaulemu,

Membala wa komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi,
Dera la Mfumu Yaikulu Nankumba, Mangochi